Lipoti la ntchito: matailosi omwe anagwa m'bafa ku Mchengautuwa, ndi mmene makoma anakonzedwera

Nyumba ndi zomwe zinachitika

Nyumbayi ndi ya njerwa zowotcha, ili mumzinda wa Mzuzu, kumunsi kwa Mchengautuwa komwe nthaka imachedwa kuuma mvula ikatha. Bafa lake ndi la mamita 2.4 mulitali ndi 1.8 mulifupi, ndipo kuyambira pomwe nyumba inamangidwa linali la penti basi. Mwini nyumba anaganiza zomata yekha matailosi, ntchito yomwe anali asanaigwirepo. Anagula matailosi a porcelain a 300 x 600 mm a m'bafa, ndi a ceramic a 200 x 300 mm oika pamwamba pa sinki kukhitchini. Guluu wa matailosi anatenga wotsika mtengo m'hadiweya ina m'tauni, thumba losalembedwa gulu la mphamvu yake. Pokanda ankathiramo simenti kuti achuluke, ndipo matailosi ankayamba wawaviika m'madzi, monga ankachitira amisiri akale pomata ndi simenti yokha.

Anamata khoma limodzi lonse ndi theka la lina. Mwezi usanathe, matailosi ena anagwa okha usiku, ndipo ambiri mwa otsalawo ankalira phwaphwa ukawagogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Apa ndi pomwe tinaitanidwa. Pempho lake linali loti timuuze guluu wamphamvu woti agule. Guluu analidi wolakwika, koma ngakhale akanagula wabwino kwambiri m'Mzuzu muno, pa makoma amenewa matailosi akanagwabe.

Zomwe kumsana kwa matailosi kunaonetsa

Tailosi ikagwa musaitaye musanaitembenuze, chifukwa kumsana kwake kumanena pomwe panalekana. Pa omwe anagwa ndi omwe tinamatula, tinaona mitundu itatu.

Ena anatuluka oyera ngati sanamatidwepo, guluu yense atatsala kukhoma. Porcelain amawotchedwa pa moto waukulu mpaka samwa madzi opitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake. Simenti wamba imagwira polowa m'timabowo ta tailosi, ndiye pa porcelain ilibe polowa. Kumuviika m'madzi kumangosiya madzi pamwamba, omwe amatchinga pakati pa tailosi ndi guluu. Simenti yomwe ankathiramo inasungunulanso mankhwala ochepa omwe guluuyo anali nawo.

Ena anagwa ndi guluu wawo, ndipo paguluupo panamatirira zikamba za penti wobiriwira wamafuta, pansi pake pali ufa woyera wa laimu. Apa guluu anagwira bwinobwino, koma anagwira penti, ndipo penti anali atakhala pa laimu yemwe amachoka ndi chala.

Achitatu anagwa ndi mchenga wa pulasitala, kusonyeza kuti pulasitala ndi amene anaphwanyika. Pa onsewa, guluu anaikidwa m'mibulu isanu, inayi m'makona umodzi pakati. Kamatidwe kameneka ndi kofala chifukwa n'kofulumira komanso kamabisa khoma lopindika, koma gawo lalikulu la tailosi limatsala m'malere, ndipo m'bafa mipatayo imasanduka mosungira madzi.

Kuyeza makoma

Tinamatula matailosi onse n'kuyeza khoma lililonse palokha, ndi zida zoti aliyense angathe kuzipeza: msomali wa mainchesi anayi, hamala yaing'ono, thabwa lowongoka la mamita awiri, levulo, botolo la madzi, pepala la pulasitiki ndi tepi.

Msomali ndi wokandira. Pa pulasitala wabwino umangosiya kamzere koyera. Pa wofooka umalowa ndipo mchenga umayoyoka. Hamala ndi yogogodera pang'onopang'ono khoma lonse, ndipo pomwe palira ngati ng'oma pamatanthauza kuti pulasitala walekana ndi njerwa, pazungulizidwe ndi choko. Thabwa limagonekedwa choimirira, chopingasa ndi chopendeka, ndipo mpata pansi pake usapitirire mamilimita atatu. Madzi amawazidwa kuti tione kamwedwe: akangotsetsereka osadetsa khoma, guluu sagwira, akamwedwa nthawi yomweyo, khomalo lidzayamwa madzi a guluu asanalimbe. Pulasitiki ya theka la mita mbali zonse imamatidwa ndi tepi m'mphepete monse n'kuisiya tsiku lathunthu. Mukaichotsa n'kupeza thukuta kunsi kwake kapena khoma litada, mkati muli chinyezi.

Khoma lapakhomo linali lolimba ndi lowongoka, vuto linali penti yekha. Khoma logawana ndi chipinda chogona linali ndi pulasitala wabwino koma wosalazidwa kwambiri ndi mpeni wachitsulo, wowala, ndipo madzi ankangotsetsereka. Khoma la shawa linali ndi mzere wa pulasitala watsopano pomwe pulambala anakumba n'kukwirira mapaipi. Mzerewo unatuluka mamilimita asanu ndi awiri kuposa khoma lonse, ndipo unali usanathe sabata pomwe matailosi ankamatidwa. Khoma lakunja, lomwe lili ndi zenera, ndi lomwe linali loipitsitsa: kuchokera pansi mpaka chakumabondo linali lonyowa, lotuluka mchere woyera, ndipo msomali unkalowa mosavuta.

Khoma lonyowa

Chinyezi sichitsekeredwa ndi tailosi. Madzi okwera m'njerwa amanyamula mchere, ndipo mcherewo ukauma kuseri kwa guluu umakula n'kukankha. Choncho tinayamba ndi kufufuza komwe madzi amachokera.

Poyamba tinatseka mipopi yonse ndi thanki ya kuchimbudzi, n'kulemba nambala ya pa mita ya Northern Region Water Board. Patatha maola awiri nambala inali yomweyo, ndiye paipi yobisika sinkadontha. Kunja ndi komwe kunali yankho. Denga la mbali imeneyo lilibe gata, madzi a malata amagwera pafupi ndi khoma n'kuthovukira panjerwa. Kuwonjezera apo, dothi la bedi la maluwa linaunjikidwa mpaka kukwirira pepala lakuda lotchinga chinyezi lomwe amaika pamwamba pa fandeshoni. Pepalalo likakwiririka ndi dothi silitchinganso kanthu, madzi amangolilambalala. Kuno ku Mzuzu izi n'zoopsa kuposa madera ambiri, chifukwa mvula imapitirira mpaka Epulo kapena Meyi, kenako Juni ndi Julaye kumabwera nkhungu ndi mvula yowaza. Khoma lomwe silionana ndi dzuwa limatha chaka chonse lisanaume.

Bedi la maluwa linachotsedwa ndipo dothi linatsitsidwa mamilimita 150 pansi pa pepala lija. Tinaika gata, n'kuwaka kakhonde ka konkire kotsetserekera kunja. Mkati, pulasitala yense wowola anagumulidwa mpaka panjerwa, kupitirira ndi mamilimita 300 pamwamba pa pomwe chinyezi chinalekezera. Njerwa zinakwechedwa ndi burashi ya waya youma. Mchere sutsukidwa ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kubwereranso m'njerwa momwemo. Khomalo linasiyidwa lamaliseche, zenera ndi chitseko zili zotsegula, mpaka pulasitiki yoyezera inatuluka youma.

Pulasitala watsopano anali wa muyezo umodzi wa simenti ya 32.5 (nambala ya mphamvu yolembedwa pathumba) pa miyezo inayi ya mchenga, woyezedwa ndi ndowa osati fosholo. Za mchenga ndi zofunika kuziona bwino, chifukwa wambiri wobwera pa malole kuno umakhala ndi dothi. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, siyani usiku. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati mzere wofewa. Likakhala lokhuthala moonekeratu, mchengawo utsukidwe kapena usiyidwe. Pulasitala wakale uja zikuoneka kuti anafooka ndi zonse ziwiri, dothi ndi kuchepa kwa simenti. Watsopanoyu anapakidwa mamilimita 12 mpaka 15, n'kumalizidwa ndi thabwa kuti akhale wokhakhala. Anathiriridwa madzi pang'ono masiku oyamba, kenako n'kusiyidwa kuti aume.

Pulasitala wa simenti amafota akamauma. Tailosi yomatidwa pa pulasitala wosakhwima imakokedwa naye, ndipo imasweka kapena kumatuka. Milungu iwiri ndi nthawi yochepetsetsa yodikira, koma imeneyo ndi ya nyengo youma. M'miyezi yozizira ya kuno timawerenga milungu itatu kapena inayi, ndipo pomaliza timayezabe ndi pulasitiki.

Makoma atatu enawo

Penti ndi laimu zinachotsedwa zonse ndi galainda yokhala ndi mbale ya dayamondi yopalira konkire, mpaka pulasitala kuonekera. Ena amangotema khoma ndi hamala apa ndi apo n'kusiya penti pakati. Pa penti wamafuta womatirira bwino ndi matailosi aang'ono mwina zingapirire, koma pomwe pali laimu pansi sizitheka, ndipo porcelain wa 300 x 600 ndi wolemera, pamodzi ndi guluu amafika makilogalamu 20 kapena kuposa pa sikweya mita. Fumbi la ntchitoyi ndi loipa m'mapapo, makamaka penti akakhala wakale, choncho pamafunika chotchinga pamphuno chenicheni ndi magalasi.

Khoma lowala lija linapalidwa ndi galainda yomweyo mpaka madzi anayamba kulowa. Mzere wa mapaipi unatsitsidwa kuti ufanane ndi khoma, titayamba talemba ndi choko pomwe mapaipi adutsa ndi kujambula chithunzi pafoni, chomwe chidzathandize tsiku loboola khoma poika zopachikira. Maenje opitirira mamilimita atatu anadzazidwa ndi simenti ndi mchenga zosakaniza ndi bonding liquid, mankhwala amadzi othandiza simenti kugwira pakhoma. Guluu wa matailosi si wowongolera khoma: ambiri amalembedwa kuti asapitirire mamilimita 10 kapena 12, ndipo akakhuthala kuposa apo amafota n'kukoka tailosi.

Makoma onse anasesedwa, n'kupukutidwa ndi siponji yonyowa mpaka dzanja kutuluka lopanda ufa. Kenako anapakidwa bonding liquid wosungunulidwa monga mwalembedwera pa chigubu. Guluu woyera wa akalipentala asagwiritsidwe ntchito m'malo mwake, ngakhale akuoneka ofanana m'chigubu, chifukwa akanyowa amafewanso.

M'shawa tinawonjezera chinthu chomwe mwini nyumba sanachiganizire. Matailosi ndi grout (phala lodzaza m'mizere ya pakati pa matailosi) sizitchinga madzi kotheratu, madzi amadutsa m'mizere pang'onopang'ono. Khoma la shawa ndi mita imodzi ya makoma oyandikana nalo zinapakidwa mankhwala otchinga madzi kawiri, ulendo woyamba chopingasa, wachiwiri choimirira, kufika mamita 1.8 kuchokera pansi, ndi kansalu kake m'makona ndi mozungulira mapaipi. Kuseri kwa khoma limodzi kuli wodiropu ya kuchipinda, ndipo nguwi ya m'zovala m'nyumba zambiri za kuno imayambira pamenepa.

Kukhitchini kunali nkhani ina. Khoma linasalazidwa ndi ufa woyera wa gypsum, womwe anthu ambiri akupaka masiku ano asanapente. Gypsum ndi simenti yonyowa zikakumana zimapanga mchere womwe umatupa pakati pawo, ndipo tailosi imamatuka ndi kachikamba koyera kumsana. Pamalo aang'ono chonchi, mamita 3.2 ndi 0.6, kunali kosavuta kungopala gypsum yense mpaka pa pulasitala wa simenti.

Kusankha guluu

M'mahadiweya a m'tauni muli matumba ochokera kosiyanasiyana, ndipo mawu akuluakulu a kutsogolo kwa thumba sathandiza kwenikweni. Chofunika ndi zilembo za gulu, zomwe zimatsata muyezo wa ku Ulaya wa EN 12004 kapena wa padziko lonse wa ISO 13007. C amatanthauza guluu wa simenti. C1 ndi wamba, woyesedwa kuti amagwira ndi mphamvu yosachepera 0.5 N/mm² (muyezo wa mphamvu yofunika kuti tailosi imatuke ikakokedwa), ndipo amakwanira matailosi a ceramic omwa madzi pa pulasitala wabwino. C2 ali ndi mankhwala ambiri a polima othandiza kumata, amagwira mosachepera 1.0 N/mm², ndipo ndi amene amamata porcelain. T akusonyeza kuti tailosi siitsetsereka pakhoma kupitirira theka la milimita. E akusonyeza kuti guluu wopakidwa pakhoma amakhala wonata mphindi 30 m'malo mwa 20. F ndi wouma msanga. S1 ndi wotha kupindika pang'ono osasweka.

Pa bafali tinasankha C2TE. C2 chifukwa cha porcelain ndiponso chifukwa pa mankhwala otchinga madzi palibe pomwe guluu wamba angalowe. T chifukwa matailosi ndi olemera. E chifukwa womata ndi wongoyamba kumene, amachedwa poyeza ndi kuwongola. Pa chifukwa chomwecho F tinamukana: ndi wa mmisiri wa dzanja lachangu, ndipo wophunzira amataya theka la ndowa. S1 ndi wabwino koma ndalama yake ikanapita pachabe pa khoma lanjerwa lamkati lomwe linakhazikika kale. Amafunika pa khoma la mabolodi, pa matailosi aakulu kwambiri, kapena panja pomwe pamawomba dzuwa. Guluu wokandakanda kale wa m'zidebe sayenera pano n'komwe, chifukwa amauma pokhapokha madzi ake atuluke, ndipo pakati pa porcelain ndi khoma lotchingidwa madziwo alibe kotulukira.

Thumba losalembedwa gulu, koma lolembedwa kuti ndi la porcelain ndipo lili ndi dzina ndi adiresi ya wopanga, lingagwiritsidwe ntchito mutayesa: matani tailosi imodzi pakona, dikirani sabata, imatuleni ndi chiselo. Yogwira bwino imatuluka zidutswa. Pogula onaninso tsiku lomwe linapangidwa ndipo lifinyeni. Guluu ndi simenti, ndipo m'chinyezi cha Mzuzu thumba logona pansi m'sitolo limachita miyala. Miyala yosaphwanyika ndi zala ndi guluu yemwe wafa kale, ngakhale mumusefe.

Kuwerengera

Kuzungulira bafa ndi mamita 8.4, ndipo matailosi akufika mamita 2.1, zomwe zikupereka masikweya mita 17.64. Kuchotsapo chitseko, 1.6, ndi zenera, 0.36, patsala pafupifupi 15.7. Powonjezera 10 peresenti ya odulidwa ndi osweka tikufika 17.3, omwe ndi matailosi 96 kapena 97. Matailosi omwe anatuluka oyera aja anatsukidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, koma owonjezera anafunika kufufuzidwa nambala ya mtundu yolembedwa pakatoni, chifukwa makatoni a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana amasiyana maonekedwe ndi kukula pang'ono.

Ndi mpeni wopakira guluu wokhala ndi mano a mamilimita 10, kuphatikiza wopaka kumsana kwa tailosi, guluu amapita pafupifupi makilogalamu 5.5 pa sikweya mita. Apa ndi makilogalamu 86, kutanthauza matumba asanu a makilogalamu 20. Khitchini ikanakwanira ndi C1, koma imangofuna makilogalamu 6 ndi mpeni wa mano a mamilimita 6, ndiye wotsala wa kubafa anakwanira osagulanso thumba lina. Grout ya mizere ya mamilimita atatu inawerengedwa makilogalamu atatu ndi theka, ndipo tinagula paketi ya makilogalamu asanu.

Kamatidwe

Mzere woyamba sumayambira pansi, chifukwa pansi pa bafa pamatsetsereka. Tinapeza malo otsikitsitsa, n'kuyeza msinkhu wa tailosi imodzi kuchotsako pang'ono, n'kujambula mzere wa levulo kuzungulira chipinda chonse. Pamzerewo panakhomedwa thabwa lowongoka loti mzere wachiwiri ukhalepo. M'shawa thabwa silinakhomedwe, linangochirikizidwa ndi njerwa, kuopa kuboola mankhwala otchinga madzi. Matailosi anayalidwa kaye pansi kuti tione podulira, ndipo mzere wapakati unasunthidwa mpaka m'makona simunatsale kachidutswa kochepera gawo limodzi mwa magawo atatu a tailosi.

Madzi amayamba kulowa m'ndowa, ufa pambuyo. Matumba ambiri amafuna malita pafupifupi asanu pa makilogalamu 20, koma muyezo weniweni ndi wolembedwa pathumba lanulo. Wongoyamba akande gawo limodzi mwa magawo anayi a thumba basi. Akakanda asiye mphindi zisanu kuti mankhwala asungunuke, akandenso, ndipo asathirenso madzi ngakhale guluu atayamba kulimba m'ndowa. Wolimba atayidwe. Simenti, mchenga kapena laimu zisalowemo.

Guluu amapakidwa pakhoma ndi mbali yosalala ya mpeni mokanikiza, kenako amapesedwa ndi mano, mpeni utapendeka theka, mizere yonse ikuloza kumodzi. Mizere yozungulira imatsekera mpweya. Malo opaka nthawi imodzi asapitirire sikweya mita. Kumsana kwa porcelain kumakhala ufa woyera wa kufakitale, upukutidwe ndi nsalu yonyowa pang'ono n'kuuma, kenako papakidwe guluu wopyapyala. Tailosi imakanikizidwa n'kusunthidwa pang'ono modutsa mizere kuti mizereyo iphwanyike. Musanaike, gwirani guluu wa pakhoma ndi chala: akapanda kumatirira, wachita khungu, apalidwe n'kupaka wina. Mu Okutobala, kukatentha ndi kamphepo, khungu limabwera msanga kuposa mphindi zolembedwa pathumba. Pa matailosi khumi aliwonse imodzi inkamatulidwa kuti tione kumsana, ndipo m'shawa tinkafuna kuti guluu akwanire pafupifupi ponse.

Timitanda tapulasitiki ta mamilimita atatu tinaikidwa pa mzere uliwonse. Eni nyumba ambiri amafuna matailosi ogundana kuti pasaoneke mzere, koma matailosi sakhala ofanana ndendende, ndipo khoma likamatentha ndi kuzizira ogundanawo amakankhana n'kuthyoka m'mphepete. M'makona, pansi pomwe khoma likumana ndi fuloo, ndi mozungulira mapaipi, tinasiya mpata wa mamilimita asanu wodzaza ndi silicone ya m'bafa yoletsa nguwi, osati grout, chifukwa grout ya m'makona imang'aluka.

Thumba linkanena kuti grout ilowe patatha maola 24. Chifukwa cha kuzizira komanso kuti porcelain samwa madzi a guluu, tinadikira maola 48. Mzere wapansi unadulidwa n'kumatidwa thabwa litachotsedwa. Shawa inayamba kugwiritsidwa ntchito patatha sabata.

Mmene zilili

Makoma atatu ndi khitchini zinamatidwa poyamba, khoma lakunja pomaliza pulasitala wake atauma. Pogogoda matailosi onse ntchito itatha, awiri a pamwamba pa zenera analira pakona. Anamatulidwa nthawi yomweyo, ndipo tinapeza kuti guluu anali atachita khungu pomwe mwini nyumba ankadula tailosi yoyandikana nayo. Kuyambira apo zidutswa zonse za mzere zinkadulidwa guluu asanapakidwe. Khoma lakunja lidzayezedwanso mvula ikadzatha, poona ngati mizere ya grout ya m'munsi yatuluka mchere komanso ngati penti wa kunja wayamba kutupa. Mchere ukadzaonekanso, ndiye kuti pepala lotchinga chinyezi linang'ambika kapena silinafike mbali imeneyo, ndipo padzafunika kukumba ngalande ya miyala m'mbali mwa fandeshoni kuti madzi a m'nthaka azipita kumsewu. Matailosi asanu ndi limodzi ndi grout yotsala zasungidwa pamalo ouma, pamwamba pa thabwa, kuti zidzagwire ntchito ngati mzere wapansiwo udzafunike kumatulidwa.